Mchenga wa Malume Ako

Kabwe, Lachisanu masana

Vero mwana wanga,

Ndakhala m'kashedi ka kuno ku yadi ya mabuloko, chifukwa kunyumba sikukhalika. Basi yako ndi ya mawa, koma atate ako ayamba kale kulira, ndipo akupinda zovala zako mokhotakhota uku akuyimba nyimbo za kwaya. Uwasiye, ndi mmene iwo amakondera. Ine misozi sindiidziwa bwino, ndiye ndalemba.

Lolemba uyamba ntchito yogula zipangizo pa kampani yomanga nyumba ku Lusaka. Simenti, miyala, mchenga, mabuloko, palibe chimene chidzalowe pamalo omanga iwe usanasaine. Ndikudziwa kuti malume ako a Lameki akuimbira kale foni kawiri. Akufuna kuti matipa awo azipereka mchenga ku nyumba zimene kampani yanu ikumanga mumsewu wa Chibombo. Mchenga wawo ndikuudziwa: ndi wa ku mulu wa mgodi wakale, wodzaza ndi mtovu, umene kuno timangoti ledi. M'nyumbazo mudzakwawa ana. Ndikudziwanso kuti zaka zitatu za ku koleji unagona m'nyumba ya malume akowo, nkumadya pa tebulo lawo, ndi kuti kumudzi kwa makolo athu ku Petauke mwana sauza malume ake kuti ayi. Nkhani ya kalata ino ndi imeneyo.

Sabata yatha tikutsuka mbale unandifunsa kuti, "Mami, chilungamo chanu chinatidyesa chani? Anzanu amanga nyumba zosanja, ise tikali mu nyumba ya Railways ya vitseko vakale." Sindinakuyankhe, chifukwa ndikapsa mtima sindiyankha. Funso lako linali labwino, ndipo liyenera yankho la zinthu zimene ungathe kupita nkukaziona ndi maso. Ndikupatsa zolakwa zanga zitatu, ndi zimene zachitika Lachitatu lapitali.

Cholakwa changa choyamba chinali cha simenti. Atate ako atasiya ntchito ya ku njanji, ine ndinasiya kuphunzitsa sayansi nkugula chikombole chimodzi. Wantchito wanga woyamba anali Bashi Mulenga, m'Chibemba kutanthauza atate ake a Mulenga, wa ku komboni ya Makandanyama, amene tili naye mpaka lero ngati kapitawo wathu. Iye anandiuza tsiku loyamba kuti thumba limodzi la simenti limatulutsa mabuloko makumi atatu, basi. Ine ndinaona kuti ndikawonjezera mchenga, thumba lomwelo limafika makumi anayi ndi asanu, ndipo maonekedwe ake sasintha. Bashi Mulenga anapukusa mutu, koma mwini yadi ndinali ine. Mabuloko amenewo anagula Amake Joyisi, mayi wogulitsa tomato ku Kamushanga, nkumangira chipinda cha ana ake. Mvula yoyamba itagwa, khoma lonse linakhala pansi. Mwayi wake kunali masana, ana ali kusukulu.

Anabwera ku yadi atamanga chidutswa cha buloko pa chitenje. Anachimasula pamaso pa makasitomala atatu, nkuchifinya ndi dzanja limodzi mpaka chinasanduka ufa. "Aphunzitsi," anatero, "iyi ni buloko kapena ni chikondamoyo? Nifuna niziwe, kapena nipase ana adye na tiyi." Anthu anaseka. Ine ndinayamba kufotokoza za mvula yochuluka ndi maziko osazama, koma ndinkadzimva ndekha kuti ndikunama.

Loweruka ndinapita kukalapa. Wansembe wa nthawi imeneyo anali mkulu wosakonda mawu ambiri. Atamva zonse anati, "Mulungu wakukhululukirani, mayi. Koma khoma lija likadali pansi." Lolemba lake ine ndi Bashi Mulenga tinakweza mabuloko abwino pa ngolo, nkukamanganso chipindacho. Kuyambira pamenepo, aliyense akabwera kudzagula, Bashi Mulenga amanyamula buloko limodzi kufika pachifuwa nkuligwetsa pansi wogulayo akuona. Kumbukira zimenezi, Vero: chikhululukiro chimayamba m'tchalitchi, koma chimathera pamene khoma linagwera. Ukadzalakwa pa ntchito, ndipo udzalakwa ndithu, usadzangomva chisoni. Udzapite komweko.

Wansembe yemweyo ndi amene anandibwereka kabuku ka makalata a apapa onena za ntchito ndi chuma. Ndinakawerenga mmene ndinkawerengera mabuku a sayansi, pensulo ili m'manja, kufunafuna pamene alemba zosatheka. Ndinkayembekeza ulaliki woti tizikondana. Ndinapeza mfundo zolimba zimene munthu angaziyese pa yadi: kuti wantchito ndi wofunika kuposa makina amene akugwiritsa ntchito, kuti malipiro ayenera kukwana kusamala banja, kuti munthu ayenera kupuma, kuti nthaka ndi madzi Mulungu anapereka kwa onse, kuti nkhani yokhudza anthu isagamulidwe pamwamba pa mitu yawo iwo ali pomwepo. Kalata yoyamba ya mtundu umenewu inalembedwa njanji isanafike nkomwe kuno ku Kabwe, koma ndinkaona ngati wolembayo anaimapo pa geti lathu. Palibe paliponse pamene Mpingo unati phindu ndi tchimo. Unangofunsa kuti phindulo latuluka m'thupi mwa ndani.

Cholakwa chachiwiri udzaseka nacho, chifukwa chinabwera ndi kuwerenga komweko. Anthu ambiri amaganiza kuti buloko limalimba likauma. Ayi. Simenti imalimba ikakhala yonyowa, ndipo buloko latsopano limafuna kuthiriridwa tsiku ndi tsiku kwa sabata yathunthu. Sabata ili ndi Lamulungu mkati mwake. Poyamba ndinkakakamiza antchito kubwera kudzathirira pa Lamulungu, ine ndili phee pa benchi ya ku Misa. Bashi Mulenga, amene amalandira anthu pakhomo kutchalitchi kwawo, anaphonya mapemphero miyezi ingapo, osadandaula. Nditawerenga za kupuma kwa wantchito ndinachita manyazi, nkudumphira mbali ina. Ndinatseka geti Loweruka masana, ndi kulengeza kuti pa yadi ya Mkatolika palibe chogwira mpaka Lolemba.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija lakuno lowotcha mpaka m'nsapato. Lolemba tinapeza mabuloko a Lachisanu ndi a Loweruka atayera mbuu, m'mphepete mukungoyoyoka. Mulu wonse unali wotaya. Ndinauza atate ako kuti imeneyo ndi nsembe yathu ya tsiku la Ambuye. Iwo anaseka mpaka kutsamira khoma. "Amake Vero, chimene munawerenga chinati antchito apume. Chinati mabuloko afe ndi ludzu? Nanga inu ndi ine tilibe manja?" Kuyambira sabata imeneyo tinkapita ku Misa yoyamba, kenako nkudzera ku yadi, atate ako akutsegula madzi, ine ndikukoka paipi, iwe uli pambuyo ndi diresi lako loyera lija limene linkabwera kunyumba lili lamatope. Ola limodzi zonse zatha. Phunziro lake ndinalitenga kwa munthu amene sanawerengepo kabukuko: chikhristu chako chikakhala ndi mtengo, uulipire ndiwe. Usaupereke kwa wantchito, usauperekenso kwa wogula.

Cholakwa chachitatu ndi chimene chimandivuta kulemba, ndipo ndi chimene chikukhudza iwe. Uli mu giredi naini, alongo anga a Lameki anabwera ndi tipa ya mchenga wakuda wa ku mulu wa mgodi. "Amake Vero, yesani uyu. Uli pafupi, ni wochipa, mabuloko yake ni chisulo." Ndinayesa. Sananame. Buloko lake ukaligogoda linkalira ngati belu, ukaligwetsa limakumba pansi. Ndinapima kulimba, ndinakhutira, ndinaodanso. Taona bwino apa, Vero. Ine ndinabadwira m'tauni ino. Agogo ako anagwira ntchito mumgodi umenewo. Ndinaphunzitsapo ana m'kalasi kuti mtovu ndi poizoni. Zonse ndinkazidziwa, koma ndinapima chinthu chimodzi chokha chimene ndinkafuna kudziwa, china ndinachisiya dala osachifunsa. Mayadi onse ankaugwiritsa ntchito, ndipo zimenezo zinandikwanira kwa zaka ziwiri.

M'dzinja lina Bashi Mulenga anadandaula kuti pakhomo pake ku Makandanyama pali matope ofika m'akakolo. Panali mchenga wotsala, pafupifupi theka la tipa. Ndinati autenge akathire pabwalo. Anandithokoza akuwomba m'manja, ine nkumamva bwino mumtima kuti ndine bwana wachifundo. Mwana wake wamkazi, Mulenga, anali ndi zaka zitatu. Pabwalo pamenepo ndi pamene ankasewera tsiku lonse, akuphika nshima yake ya mchenga m'tizitini, zala zili mkamwa.

Kenako azaumoyo anayenda m'makomboni kupima magazi a ana. Bashi Mulenga anabwera m'mawa ndi pepala lopinda kanayi. "Ba mayo, imwe munaphunzisa. Niwerengereniko, ba nesi banakamba mofulumira." Ndinawerenga. Mtovu m'magazi a mwanayo unali wokwera kwambiri moti ankafunika kuyamba mankhwala. Ndikuuze zoona zake zonse: nthaka ya komboni imeneyo ili ndi mtovu kale, ndipo palibe amene angalekanitse kuti uwu unachokera mumsewu, uwu unachokera kwa Amake Vero. Ndikanatha kubisala kumeneko. Koma ndinkadziwa chimene ndinathira pakhomo pa mwanayo. Ndinamuuza bamboyo ndikumuyang'ana m'maso kuti mchenga ndinamupatsa uja ndi poizoni, ndipo ndinkayenera kudziwa. Anasisita pepalalo pa bondo. Sanandikalipire, sanandikhululukirenso. Anangoti, "Manje tichite bwanji?"

Limenelo ndi funso labwino koposa limene munthu anandifunsapo. Mawa lake tonse a pa yadi, ndi atate ako omwe, tinapita ndi mafosholo, titamanga nsalu zonyowa kukamwa. Tinakumba mchenga wonse nkuubweza kumene unachokera, tinathira dothi la kumunda wakutali, nkubzala kapinga. Mwanayo anayamba mankhwala ku kiliniki. Pa yadi tinamanga posambira, ndipo kuyambira tsiku limenelo ovolosi ya munthu siipita kunyumba, imachapidwa kuno. Ndinauza alongo anga kuti tipa yawo isadzalowenso pa geti langa ndi mchenga umenewo. Ndiye ndinayenda nyumba ndi nyumba kwa onse amene ndinawagulitsa mabulokowo, kuwauza kuti apake pulasitala mkati ndi kunja, ndiponso akapimitse ana. Ena anathokoza. Bambo wina anandithamangitsa ndi mawu: "Mwabwera kutiyofya kuti tigulenso, ka? Fumani apa!" Ndinachoka, koma patapita mwezi ndinadutsa ndipo khoma lake linali lopaka.

Mchenga woyera ndi wa kumtsinje, ndipo kumtsinje ndi kutali. Mtengo wa buloko lathu unakwera, makasitomala anawoloka msewu kupita kwa anzathu. Pasanathe chaka, mwa makina atatu ankalira amodzi. Tinali ndi antchito khumi, ntchito inali ya anthu asanu. Ndinalemba mayina asanu oti achoke, pepala nkuliika m'thumba la apuloni. Chinandiletsa kuliwerenga ndi mfundo ija yoti nkhani ya anthu isagamulidwe iwo ali pomwepo ngati mitengo. Ndinawaitana pansi pa mtengo wa mango, ndinawauza mmene zinthu zilili popanda kukometsa, ndipo ndinati akambirane. Anakangana ola lathunthu, wina m'Chibemba, wina m'Chilenje, wina m'Chinyanja. Pomaliza Bashi Mulenga anaimirira. "Ba mayo, palibe wamene azachoka. Tizagawana. Aba masiku yatatu, aba masiku yatatu. Masiku yosala aliyense azazionera maganyu." Nzeru yawo inaposa pepala langa, chifukwa inasunga manja onse odziwa ntchito. Pepalalo ndinakolezera mbaula.

Zaka zimene zinatsatira ukuzidziwa, chifukwa unazinyamula ndi miyendo yako. Tinagulitsa kagalimoto, iwe nkumayenda pansi kuchokera ku Railways kupita kusukulu, utavala yunifomu yosiya mwana wa malume ako. Sindikuuza kuti zinali zazing'ono. Unalipira nawo mtengo wa chisankho chimene sunafunsidwe. Chisankhocho sindipepesa, koma ndikupepesa kuti sindinakhale nawe pansi nkukufotokozera. Ndinafunsa maganizo a amuna khumi pansi pa mango, mwana wanga yemwe osamuuza kanthu. Ndipo pamene ife tinalibe pokuika ku Lusaka, a Lameki anakutsegulira chitseko chawo osawerengera mawu amene ndinawauza pa geti. Umenewo unali ubwino weniweni. Uziwathokoza moyo wako wonse. Munthu yemweyo akhoza kukhala wa mtima wabwino ndi wa mchenga woipa.

Tsopano imva za Lachitatu. Masabata atatu apitawo anthu amene akumanga zipinda zatsopano za ana aang'ono pa sukulu ina kuno anayenda m'mayadi a tauni ino. Sanafunse kuti mwini yadi amapemphera kuti. Anatenga buloko limodzi ndi chidebe cha mchenga pa yadi iliyonse, nkupita nazo kukapima kulimba ndi mtovu womwe. Lachitatu kunabwera kalata. Mabuloko athu apambana mayeso onse awiri, ndipo akufuna kuti nyumba yonseyo imangidwe ndi athu. Ndi ntchito yofika mpaka mvula. Lolemba, tsiku lomwe iwe ukuyamba ntchito, anthu khumi onse abwerera ku masiku asanu ndi limodzi, ndipo makina awiri amene akhala ofunda tenti zaka zonsezi tawathira kale mafuta. Nditawerenga kalatayo mokweza, Bashi Mulenga, munthu wa imvi, anakwera pamwamba pa mulu wa mchenga nkuvina, akutamanda Mulungu m'Chibemba ndi kufuula kuti, "Lesa mukulu! Bakaone ba kusidya kwa msewu!" Ine sindinavine. Ndinawerenganso kalatayo kawiri kuona ngati sindinalakwitse dzina. Koma ndikuuze iwe wekha, Vero: tapambana. Ana adzaphunzira m'zipinda zimene makoma ake angathe kuwanyambita, ndipo makomawo atuluka pa geti lino.

Usatengepo phunziro lolakwika. Sindikunena kuti Mulungu amalipira chilungamo ndi maoda. Zaka zisanu ndi zinayi kalata imeneyi kunalibe, ndipo ikanatha osabwera. Ndikudziwa mayi wina wa mumphakati wathu wa kutchalitchi amene anakana mchenga womwewo chaka chomwecho. Yadi yake inatsekedwa, lero amagulitsa zitumbuwa pa siteshoni, ndipo anali wolondola chimodzimodzi ndi ine. Mulenga naye, mtovu m'magazi ake unatsika, ndipo chaka chino alemba mayeso a giredi seveni, koma masamu amamuvuta kuposa anzake. Palibe dokotala angandiuze ngati ndi chifukwa cha pabwalo paja kapena ayi. Amabwera kwathu Lachiwiri lililonse kuti ndimuphunzitse, ndipo ndidzamuphunzitsa mpaka atatopa nane. Kalata ya Lachitatu sinafafanize zimenezo. Chimene yachita ndi kuika umboni pa pepala, wosainidwa ndi anthu osatidziwa, kuti ntchito yoyera ingathe kuima pa msika. Umenewo ndiwo yankho la funso lako la kukhitchini.

Ndiye ukafika kumeneko, mwana wanga, uzipita kukaona ndi maso. Usamasaine chinthu chimene wangochiona pa pepala. Funsa kumene mchenga wakumbidwa, ndipo akakuuza dzina la mtsinje, kwera galimoto ukaone dzenje lake. Yang'ana amene akutsitsa simenti, ngati ali ndi chotseka kukamwa, ngati amadya pamalo afumbi. Iwowo ndi amene amalipira katundu akatsika mtengo modabwitsa. Ogulitsa adzakuitanira chakudya chamasana, adzadziwa tsiku lako lobadwa, adzakutcha mlongo. Uzidya chako. Ukapeza tchalitchi, lowa mumphakati wa kumene ukukhala, osangothera pa Misa, chifukwa munthu amene ali yekha mumzinda amayamba kukhulupirira kuti zimene onse akuchita ndi zololedwa. Korona usaipachike pa desiki kuti anthu aone. Matipa a malume ako onse alembedwa kumbuyo kuti Mulungu ndi wabwino, ndipo ndi zoona, koma mawuwo sasintha zimene matipawo anyamula m'bodi.

Za malume akowo, usawachititse manyazi, ndipo usawaname kuti mabwana ndiwo akana. Uwauze mwaulemu kuti

Ndinalekeza pamenepo kwa ola lathunthu, chifukwa kunja kunalira hutala ya tipa. Anali a Lameki enieniwo. Anatsika osatseka chitseko, nkulowa m'kashedi muno thukuta lili kamukamu.

"Amake Vero, mwana wanu munamuphunzisa vichani?"

"Mwaswera bwanji, alongo?"

"Nilibe nthawi ya moni! Namutumila foni lelo m'mawa, nati Vero, nkhani ija ya mchenga yafika pati? Muziwa vamene aniyankha? Ati, 'Malume, tumizani chidebe chimozi, tikapime. Ukapasa mayeso nizasaina na manja yawiri.' Ine! Malume wake! Wamene ninamusunga zaka zitatu!"

"Ndiye munati chiyani?"

"Nati iwe mwana, nanga amai ako akafuna kugulisa mabuloko ku kampani yanu, uzakamba so? Ati, 'Naonso azatumiza buloko imozi, tikapime.' Mwamvera? Na imwe akuikani pa mzere!"

Kuseri kwa makina ndinamva Bashi Mulenga akutsokomola chifuwa chimene alibe. Ine ndinaluma mlomo. Vero, iwe mwana iwe. Wandisiya ndikulemba masamba onsewa, ndikusankha mawu oti ukawauze malume ako, pamene unawayankha kale m'mawa ine ndikukuwiritsira madzi osamba, osandiuza ngakhale liwu limodzi. Ndipo yankho lako laposa limene ndinali kukukonzera. Sunawakane, sunawanyoze, wangowaika pa sikelo yomwe waikapo mayi ako.

Atatha kukalipa anakhala pa thumba la simenti nkuvula chipewa. Anati masiku ano anthu ayamba kufunsafunsa, ndipo matipa awo awiri angokhala pabwalo sabata yachitatu. Ndinawauza kuti ndikufuna wonditutira mchenga wa kumtsinje kuyambira Lolemba mpaka mvula, maulendo awiri pa tsiku. Ndinati ntchitoyo ndi yawo, koma matipawo ayambe atsukidwa kuno ku yadi, bodi yonse mpaka m'makona, ine ndikuona, ndipo asadzapitenso ku mulu uja ngakhale pa Loweruka.

"Muzanichapisa motoka monga mwana wa sukulu?"

"Paipi ili apo, alongo. Madzi ndi anga."

Ananyamuka osavomera. Anakwera, analiza injini, kenako anatulutsa mutu pa windo nkufunsa Bashi Mulenga kuti geti limatsegulidwa nthawi yanji Lolemba.

Ndinaganiza zong'amba kalatayi, poti zimene ndimaopa wazithetsa wekha. Koma uitenge ndithu. Amene adzabwere pambuyo pa malume ako sadzakhala achibale okalipa pa foni. Adzakhala aulemu, ovala bwino, ndipo ena adzakhala mabwana ako omwe. Tsiku limenelo udzafuna kudziwa kuti mayi ako anagwapo katatu, kamodzi koopsa, ndipo yadi ikadalipo, anthu khumi akadali pa ntchito.

Malume ako udzawapeza pa siteshoni mawa, sangalephere kubwera ngakhale akwiye bwanji. Uwagwadire monga mwa nthawi zonse. Ndipo kampani yanu ikadzafuna mabuloko a ku Kabwe, langa ndidzatumiza pa basi, lolembedwa dzina. Ukalipime bwinobwino, kulimba ndi mtovu womwe. Likalephera, ulibweze.

Mulungu akusunge, akupatsenso maso akuthwa.

Ndine mayi ako,
Amake Vero